Chiwala Adumpha Chakumbuyo

1. Lamulo la a Wenzulo

Mukamuona lero pa zithunzi, atavala yunifolomu yoyera mbee ya asilikali apamadzi, mamendulo atandandalika pachifuwa, mukhoza kulumbira kuti munthuyu sanalakwepo chibadwire. Ayi ndithu, asakunamizeni mamendulowo. Asanakwere sitima yankhondo, asanayambe kulamula azibambo ndevu zili pepeya, anali mtsikana wa kusekondale wokonda kuomberedwa m'manja ngati wina aliyense.

Kusukulu ankamutchula kuti Chiwala, chifukwa cha miyendo yake yaitali, yowonda, yosadziwa kukhala pansi. Masewera ake anali othamanga modumpha zotchinga. Chotchinga ndi thabwa lopepuka lokhala pa miyendo iwiri yachitsulo. Amaziika zingapo pa mzere umodzi, ndipo wothamanga amazidumpha chimodzichimodzi osaima. Pa masewera amenewa, pasukulu ponse panalibe womuyandikira.

Chimenecho chinali chaka chake chomaliza. Loweruka la sabata imene tikunenayi kunali mpikisano waukulu pa bwalo la sukulu yawo. Asilikali apamadzi anali atalengeza kuti mtsikana wopambana pa zotchinga adzamutenga kusukulu yawo ya kudoko, kuti akaphunzire usilikali uku akuthamangira timu yawo. Malo anali amodzi okha, ndipo ankatenga omaliza sukulu chaka chomwecho basi. Ukaphonya, kunalibe kudzayesanso.

Mphunzitsi wa masewera ankatchedwa a Wenzulo, koma dzinali linkanenedwa iwo atatembenuka. Wenzulo sinkachoka pakamwa pawo, moti ana ankati amagona nayo. Malamulo anali nawo ambiri, koma linalipo limodzi limene ankalibwereza Lolemba lililonse, dzanja lili pa thabwa.

"Atsikana, tcherani khutu, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi. Taonani chotchinga ichi. Mapazi ake aloza kuti? Aloza kumene mukuchokera inu. Amene anachipanga sanali chitsiru, anatero dala. Ukachigunda kuchokera kutsogolo kuno, chimagwa chokha n'kukusiya upitirire. Chimakukhululukira. Koma ukachidzera chakumbuyo, mapazi omwewa amaponda pansi n'kulimba nji. Sichigwa. Wogwa umakhala iwe.

"Ine ndi maso angawa ndinaonapo mnyamata akutola mano ake m'fumbi. Wina mpaka lero amayenda chotsimphina, ndipo anali wothamanga kuposa nonsenu. Ndiye ukamaliza mzere, uzibwerera cham'mbali, wapansi, ngati munthu. Wodumpha chakumbuyo, kaya ndi katswiri, kaya ndi mwana wa ahedi, achoka mu timu yanga mpaka chaka chithe. Sindidzachita kukambirana naye."

Mawuwa atsikana anawaloweza ngati nyimbo. Chiwala ndiye ankawayesezera bwino kwambiri, atatupitsa masaya ngati ali ndi wenzulo mkamwa, anzake n'kumagwa ndi phwete.

Woseka kwambiri ankakhala mng'ono wake wa Fomu 1, amene onse ankamuitana kuti Kamchira. Kumene kwapita Chiwala, Kamchira ali pambuyo. Chiwala akamanga tsitsi cham'mbali, mawa lake Kamchira wamanga cham'mbali. Chiwala atayamba kuthamanga, Kamchira nayenso analowa timu ya aang'ono. Amayi awo ankati, "Iwe, tsiku lina mkulu wakoyu akadzalowa m'chitsime, udzafunsa kuti malo alipo?"

2. Alendo pa mpanda

Lachitatu masana kunabwera lole ya asilikali apamadzi kudzakonza bwalo. Anyamata angapo anatsika ndi zingwe ndi ndowa za laimu, n'kuyamba kujambula mizere yoyera. Mkulu wawo anabwera pa galimoto yake, ndipo anangolunjika ku ofesi ya ahedi. A Wenzulo anaitanidwa komweko.

"Chiwala," anatero a Wenzulo akuchoka, "ana awa ndawasiya m'manja mwako. Aziwongola miyendo, iwe uziyeserera mzere wako. Sindichedwa."

"Musadandaule, aphunzitsi."

Anyamata aja atamaliza ntchito yawo, anatsamira mpanda wa waya kudikira dalaivala. Chiwala anawaona cham'mbali. Anamangitsa nsapato, anakoka mpweya, n'kuliyatsa liwiro. Abale, mtsikanayu ankathamanga! Thabwa lililonse ankalidutsa pafupi penipeni osalikhudza. Atafika kumapeto, kumpanda kuja kunamveka m'manja ndi malikhweru.

"Bwerezanso, mlongo! Ena sanaone bwino!"

Mtima wa Chiwala unafufuma. Koma nthawi yomweyo dalaivala analiza injini n'kuimba hutala, ndipo anyamata anayamba kukwera lole. Kuti abwerere cham'mbali wapansi mpaka poyambira, akanapeza onse atapita. Anayang'ana ku ofesi ya ahedi. Chitseko chinali chotseka.

Basi, anatembenuka pomwepo n'kudumpha zotchinga zonse chakumbuyo.

Sanakhudze ngakhale chimodzi. Anyamata pa lole anakuwa, wina anamuchitira sawasha moseka, lole n'kutuluka pa geti. Chiwala anawerama ngati woimba amene wamaliza nyimbo, mano onse ali pamtunda. Akuluakulu sananame, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Asanaweramuke n'komwe, anamva mapazi ang'onoang'ono kumbuyo kwake. Pocheuka anaona Kamchira ali kumapeto kwa mzere, akubwera njira yomwe ija, nkhope ili ngwee ndi chisangalalo.

"Iwe, ima!"

Anachedwa. Chotchinga choyamba mwanayo anachidumpha movutikira, pakuti zinali zokwezedwa pa msinkhu wa akuluakulu. Chachiwiri chinamukola phazi. Thabwa silinagwe. Kamchira anapidiguka m'mwamba, mwendo utapanikizika pakati pa zitsulo, n'kugwa pansi khu! Kenako kunamveka kulira kumene Chiwala anali asanakumvepo pakamwa pa mng'ono wake.

3. Funso la a Wenzulo

A Wenzulo anatuluka mu ofesi akuthamanga, wenzulo ikulendewera pakhosi. Anagwada, anagwira mwendowo mosamala, n'kutuma mtsikana wina kukaitana galimoto ya sukulu. Kenako anayang'ana pamene mwana wagwera, anayang'ana mapazi a chotchinga, nkhope yawo n'kusintha.

"Wadumpha chakumbuyo," anatero motsitsa mawu. "Mwana iwe, wakuuza ndani kuchita zimenezi?"

Kamchira, misozi ili chuchuchu, anakweza maso kuyang'ana mkulu wake. Anamuyang'ana kanthawi kochepa chabe.

"Palibe, aphunzitsi. Ndangofuna ndekha."

"Nanga iwe Chiwala, unali kuti? Si ndinawasiya m'manja mwako ana awa?"

Apa ndi pamene Chiwala anasankha. Anaganiza za Loweruka, za malo amodzi aja, za lamulo losachita kukambirana. Lilime linathamanga kuposa miyendo yake.

"Ndimamanga nsapato, aphunzitsi. Sindinamuone."

Ana aang'ono onse anali pomwepo, atazungulira. Onse anaona zimene zinachitika. Palibe anatsegula pakamwa, chifukwa Chiwala anali mtsogoleri wawo ndipo ankamuopa monga ankamukondera. Anangoyang'ana pansi, wina akukumba dothi ndi chala chakuphazi.

Kuchipatala anati fupa la pansi pa bondo lathyoka, ndipo anamuika chikhakha. A Wenzulo anadikira mpaka amayi a atsikanawa atafika, thukuta lili kamukamu, tepi yoyezera nsalu idakali pakhosi. Anawafotokozera zonse monga iwo ankazidziwira.

"Mayi, pepani kwambiri. Koma lamulo ndi lamulo. Ngakhale atachira msanga, mwanayu sathamanganso mu timu yanga chaka chino. Ndikalekerera mmodzi, mawa ndinyamula atatu."

Amayi anavomera ndi mutu, n'kupepesa m'malo mwa mwana wawo. Chiwala anaima pakona atanyamula nsapato imodzi ya mng'ono wake.

4. Uzitengera mkulu wako

Amayi awo anali telala. Chipinda chochezera ndi chomwenso chinali malo awo a ntchito. Makina osokera anali pafupi ndi zenera, madiresi a eni ake atapachikidwa pa chingwe, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti pampando sukhala usanasesepo ndi dzanja, kuopa mapini. Lachinayi lonse Kamchira anagona pa sofa m'chipinda chimenechi, mwendo wa chikhakha uli pa kampando.

Chiwala atabwera kusukulu, anayamba kumutumikira ngati mlendo wolemekezeka. Madzi akumwa, ndi uyo wathamanga. Pilo, ndi uyo wakatenga wake womwe. Ntchentche ikatera pa chikhakha ankaithamangitsa ngati yamutukwana.

Amayi ankasoka kabudula watsopano woti Chiwala adzavale Loweruka. Anaimitsa makina, anavula magalasi, n'kutembenukira kwa Kamchira.

"Dzulo sindinafune kulankhula chifukwa unali pa ululu. Lero umve. Mwana iwe, makutu ako ndi a ntchito yanji? Aphunzitsi anakuuzani kangati za kudumpha chakumbuyo? Ngakhale ine amene sindinapondepo pa bwalo lanulo lamulo limeneli ndimalidziwa, chifukwa mumaliimba m'nyumba muno. Ndiye iwe unaona ngati ndiwe wochenjera kuposa amene analiika? Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

"Taganiza, likanakhala khosi bwenzi tikunena zotani lero? Ine ndimasoka nsalu, mwana wanga, sindisoka anthu. Ndipo sunadzipweteke wekha. Aphunzitsi aja wawachititsa manyazi alendo ali pasukulu. Mkulu wakoyu wamusokoneza mutu mpikisano uli pakhomo. Tamuona mmene wakhalira, chakudya chomwe sakudya, chifukwa cha iwe.

"Umamutsata paliponse, nanga bwanji sutengera khalidwe lake? Zaka zonsezi wathamanga, unamvapo kuti waswa lamulo? Uzitengera mkulu wako. Ukumva?"

"Ndamva, amayi," anayankha Kamchira, maso ali kudenga.

Chiwala anamva ngati wina wamuthira madzi otentha kumsana. Manyazi anamugwira, manyazi enieni, oti munthu umalakalaka pansi patang'ambika. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma m'nyumba imeneyi zinthu zinali zitatembenuka. Anadya ndi mkulu, wopotedwa n'kukhala mwana.

Patapita kanthawi amayi anapinda diresi lina n'kutuluka kukapereka kwa mwini wake. Chitseko chitangotsekeka, Chiwala anakhala pansi pafupi ndi sofa.

"Bwanji sunanene?"

"Ndikanena, Loweruka muthamanga?"

Chiwala anayang'ana chikhakha chija, ndipo Kamchira anapitiriza.

"Ine ndili ndi zaka zina kutsogolo, achemwali. Inu mulibe. Ingopambanani basi. Mukakalowa usilikaliwo mudzandibwereke chipewa chija, ndidzajambulitse."

"Nanga unandilondoleranji? Sunaone kuti zinali zazitali?"

Kamchira anayesa kuseka, koma mwendo unamulasa, anakwinya nkhope.

"Mmene munadumphira inu zinaoneka zophweka. Ndinaona ngati lamulo lija amangotiopseza nalo ife ana."

Chiwala anaimirira n'kupita kuseri kwa nyumba. Anakatsegula mpopi kuti madzi azisokosa, ndipo analira.

5. Pamaso pa ana

Lachisanu masana a Wenzulo anasonkhanitsa timu yonse pa bwalo. Mkulu wa asilikali uja anabweranso kudzaona ngati zonse zakonzeka, ndipo anapemphedwa kulankhula ndi atsikana.

Ambiri ankayembekeza chimunthu chachitali cha mawu ngati bingu. M'malo mwake anaona mayi wamfupi, imvi zikusuzumira pansi pa chipewa, wolankhula motsitsa moti akumbuyo anachita kusendera. A Wenzulo anati amenewa ndi a Kaputeni, ndipo sitima yathunthu imamvera iwo.

"Ndamva kuti mnzanu wavulala," anayamba a Kaputeni. "Pepani. Ndikuuzeni za kuntchito kwathu. M'sitima muli makwerero achitsulo, oima njo, ndipo madzi akawinduka amaterera. Lamulo lake ndi lakuti potsika uziyang'ana makwererowo ndipo manja onse awiri azigwira. Ine ndatsika makwerero amenewo zaka zambiri, ndikhoza kutsika nditatsinzina, kapu ya tiyi ili m'manja. Koma sinditero. Mukudziwa chifukwa chake?

"Chifukwa kumbuyo kwanga kumakhala mnyamata amene wabwera dzulo. Iyeyo zimene ndamuuza m'kalasi amaiwala, koma zimene waona ndikuchita saiwala. Ndikatsika mwachibwana kamodzi, mawa iye atsika chomwecho, ndipo amene akauze mayi ake kuti mwana wanu wathyoka msana ndine. Ndiye mawa thamangani ndithu, liwiro timalifuna. Koma dziwani kuti liwiro lokha nsomba nazo zili nalo."

Atsikana anaseka n'kuomba m'manja. Chiwala anaomba nawo, koma sanaseke.

A Wenzulo anakoka chotchinga chimodzi n'kuchiika patsogolo. Nkhope yawo inkaoneka yonyadira.

"A Kaputeni, kuti muone kuti nafenso kuno timaphunzitsa mwambo, lero sindilankhula ine. Alankhula katswiri wathu, amene mawa mumuone ndi maso anu. Chiwala, bwera kuno. Auze aang'onowa chifukwa chake sitidumpha chakumbuyo. Pajatu ndimamva kuti mawu anga umawatha kuposa mwini wakene."

Anthu anasekanso. Chiwala anaimirira n'kukaima pafupi ndi chotchinga. Anaika dzanja pa thabwa. Ana aang'ono anali atakhala pa udzu kutsogolo kwenikweni, omwe aja anazungulira Kamchira Lachitatu.

"Taonani chotchinga ichi," anayamba. "Mapazi ake aloza kumene tikuchokera. Ukachigunda kuchokera kutsogolo chimagwa chokha."

Mawu ankatuluka okha, poti anali oloweza. Koma ana aja sankayang'ana mapazi a chotchinga. Ankayang'ana iye. Lero panalibe wokumba dothi ndi chala. Kamtsikana kena, kakang'ono kuposa onse, kanali katatsamiritsa chibwano pa mawondo, kakumuyang'ana osaphethira, ngati kakufuna kuona kuti munthu wamkulu amachita bwanji zinthu zoterezi.

Chiwala anazindikira kuti akuphunzitsa ndithu, koma osati za chotchinga.

"Ukachidzera chakumbuyo sichigwa," anapitiriza. "Ndiye wodumpha chakumbuyo, kaya ndi katswiri..."

Anaima pomwepo.

"Malizitsa, mtsikana," anatero a Wenzulo moseka. "Mlendo yekhayu wakuopsa? Manyazi adapha lambe."

"Aphunzitsi, ndinayamba ndine."

"Wati chiyani?"

"Kudumpha chakumbuyo ndinayamba ndine. Asilikali aja amandiombera m'manja, ndiye ndinabwerera pa zotchinga pomwepo kuti andionenso. Mng'ono wanga anangonditsata. Sindimamanga nsapato. Ndinakunamizani."

Kumwetulira kwa a Wenzulo kunazima pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa ana aang'ono.

"N'zoona zimenezi?"

Timitu tonse tinagwedezeka.

A Wenzulo anavula wenzulo pakhosi n'kuiika m'thumba, chinthu chimene palibe anali atachionapo. Polankhula, sanakweze mawu.

"Ukudziwa chimene wataya?"

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Ayi, sukudziwa. Iwe ukuganiza za mpikisano wa mawa. Umenewo wapita, inde, pakuti lamulo langa silidziwa katswiri. Mnzako wachiwiri ndiye athamange m'malo mwako. Koma chikanakhala kudumpha kokhako, ndikanakuchotsa mu timu n'kumakupatsabe moni ndi mtima woyera. Ubwana timaudziwa, tonse tinadutsamo.

"Chimene chandipweteka ndi ichi. Unaima pamwamba pa mwana wothyoka mwendo, mwana wa m'mimba imodzi ndi iwe, n'kundiuza za nsapato. Unandisiya ndikaime pamaso pa mayi ako kuchipatala, ndiweruze wovulala, iwe uli pakona kumvetsera. Ndipo tiana iti unatisenzetsa bodza lako masiku onsewa. Lero wanena zoona, chabwino, ndamva. Koma usayembekeze kuti ndikuombera m'manja. Zam'manja zakukwana. Tenga chikwama chako uzipita."

Chiwala anatola chikwama chake. Podutsa anaponya diso kwa a Kaputeni, kaya ankayembekeza chiyani. Mayiwo anali atapinda manja kumbuyo, nkhope yosawerengeka. Bwalo limene ankalidutsa ngati mphepo tsiku limenelo linatalika, ndipo analiyenda lonse maso a anthu ali kumsana kwake.

6. Tonse takhala

Anapeza amayi akumalizitsa mpendero wa kabudula uja, makina akulira. Kamchira anali pa sofa pomwe paja, akukanda m'mphepete mwa chikhakha ndi pensulo.

"Wafulumira bwanji lero?" anafunsa amayi osacheuka. "Bwera udzayese, ndione m'chiuno."

"Amayi, mawa sindithamanga."

Makina anaima.

Chiwala anagwada pafupi ndi mpando wawo n'kufotokoza zonse, kuyambira pa lole mpaka pa mawu a a Wenzulo. Sanabise kanthu, ndipo sanadzikometsere. Atamaliza, amayi sanamukalipire. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwana wawo wamng'ono.

"Ndiye dzulo lija ndimakulalatira, iwe n'kumangoti ndamva amayi?"

Anaika dzanja pakamwa, misozi n'kulengeza. Chiwala akanakonda kumenyedwa mbama kusiyana ndi kuona zimenezo.

Koma amene anaphulika anali Kamchira. Anaponya pensulo ija kukhoma.

"Mwaululiranji? Anakufunsani ndani?"

"Sindikanatha, iwe. Ana aja amandiyang'ana."

"Nanga ine sindimakuyang'anani? Ndathyoka mwendo, ndanamiza aphunzitsi, ndanamiza amayi, ndatukwanidwa ndili chete, zonsezo kuti inu mupite! Ndimati bola mwendowu uthyokere kanthu. Pano wathyokera chiyani? Ine ndakhala, inu mwakhala. Tonse takhala!"

Analira mokweza kuposa mmene analirira pa bwalo. Chiwala anatambasula dzanja kuti amugwire, koma mwanayo analikankha n'kutembenukira kukhoma. Chiwala anali ataganiza kuti akanena zoona mtima upepuka. Sunapepuke. Anakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu, osadziwa woti amupepese poyamba.

Ali chomwecho, panja panaima galimoto. Chitseko chake chinatsekedwa, nsapato zolimba zinamveka pa khonde, kenako kugogoda.

Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu n'kukatsegula. Pakhomo panaima mayi wamfupi wa yunifolomu yoyera, chipewa chili m'khwapa.

"Pepani mayi, ndabwera osalonjeza. Nyumba andilozera ndi aphunzitsi. Ndikufuna kulankhula ndi mwana wanu amene anadumpha chakumbuyo."

"Ndine," anayankha atsikana onse awiri nthawi imodzi.

A Kaputeni analowa. Anayang'ana wamkulu ali pansi, anayang'ana wamng'ono ali pa sofa. Amayi anasesa mpando ndi dzanja mofulumira n'kuwapatsa, ndipo iwo anaukokera pafupi ndi mwendo wa chikhakha.

"Ndiyamba ndi wamng'onoyu," anatero. "Zimene andiuze iyeyu ndi zimene zindiuze chochita ndi iwe. Wamkuluwe, tuluka ukadikire panja."

Kamchira sanamuyang'ane n'komwe mkulu wake. Chiwala anatuluka, ndipo amayi anatseka chitseko.